Makapisozi a Chala cha Che Saidi

Chaka changa choyamba pantchito

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, mwazimva kokwanira mpaka mumandimalizira ziganizo. Ndiyambira tsiku limene ndinatsika sitima pa Chipoka nditanyamula sutikesi ya malata ndi kalata yonena kuti ndine medikolo asisitanti, kutanthauza wothandizira dokotala pamalo pamene dokotalayo sanapondepo chibadwire. Kachipatala kake kanali ka zipinda zitatu, chakumtunda pang'ono kuchokera padoko. Bwana wanga woyamba anali a Chirwa, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankapima odwala magalasi ali pamphumi. Iwowa ndiwo anandiphunzitsa za zilonda za m'mimba, matenda amene anandipatsa dzina m'mbali mwa nyanjayi, ndipo ndi matenda omwewo amene anadzandionetsa kuti ndine munthu wotani.

Sabata yanga yachiwiri kunabwera msodzi atagwira pansi pa chifuwa, akuyenda chowerama. A Chirwa sanamukhudze n'komwe.

"Pamawawa nthawi yanji?"

"Ndikakhala ndi njala, bwana. Ndikangodya pamaleka."

"Mbewe, wamva?" anatero akunditembenukira. "Chilonda chimenecho chili pamene chifu chimathera, poyambira matumbo. Chimabwera ndi zinthu zitatu: njala, tsabola ndi maganizo. Mpatse magineziyamu, umuuze azimwa mkaka, asiye tsabola, ndipo ngati ali ndi akazi awiri asiyepo mmodzi."

Zinthu zitatuzo ndinazilemba m'kope langa ndipo ndinazilalikira zaka zoposa makumi awiri. Musawaseke a Chirwa, pakuti mabuku amene tinaphunzira ankanena zomwezo. Magineziyamu ankaziziritsadi m'mimba. Munthu ankapeza bwino mwezi umodzi kapena iwiri, kenako n'kubweranso, ndipo ine kubweranso kwakeko ndinkakuwerengera ngati chikondi. Magineziyamu akatha m'sitolo ya mankhwala, zimene zinkachitika kawirikawiri, tinkangowauza za mkaka, ngakhale tinkadziwa kuti m'midzi imeneyo mkaka unali wa ana a ng'ombe ndi ana a aphunzitsi basi.

Patatha zaka khumi ndi ziwiri

Anandisamutsira kumpoto kwa boma la Salima, pakachipatala kena ka pamsewu wopita ku Lifuwu, kamene dzina lake ndilisunga. Kumeneko ndinali ndekha wamkulu. Makiyi a sitolo ya mankhwala ankagona m'thumba mwanga, ndipo aliyense, kuyambira wogulitsa usipa mpaka shehe, ankanditchula adokotala. Sindinakanepo dzinalo. Lachisanu anthu akatuluka mumzikiti mzere unkafika pamtengo wa mango, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'mimba, ena ochokera kutali atamva kuti a Mbewe zilonda amazidziwa. Ndinkayenda m'mwamba masiku amenewo, amayi anu akhoza kuchitira umboni.

Pakati pa odwala anga onse panali Che Saidi, msodzi wamtali, mwini boti limodzi ndi ukonde wa chilimila, munthu woseka ndi thupi lonse. Tinkasiyana mpingo koma tinkagwirizana kwambiri. Chilonda chake chinali chovuta, ndipo ine ndine ndinamuletsa kufunga mwezi wa Ramazani, poti njala inali yoyamba pa zinthu zitatu zija. Shehe anamuuza kuti wodwala ngololedwa kudya, koma zimenezo sizinamutonthoze. Anzake akamasala tsiku lonse, iye ankadya phala kuseri kwa nyumba ngati mwana wakuba. Chaka chilichonse mwezi ukamayandikira ankabwera atagwira kofia yake m'manja.

"Adokotala, chaka chino ndiyeseko?"

"Che Saidi, mukafunga ine ndikakutengani pamachira."

"Zidzukulu zanga zikufunga, ine agogo awo ndikutafuna. Mukuona bwanji zimenezi?"

"Ndikuona munthu wamoyo."

"Inshallah, tsiku lina," ankatero akuvala kofia ija.

Zinatero zaka zisanu ndi zinayi. Msana wake nawo unkamuvuta chifukwa chokoka makoka, ndipo ankagula bulufeni pagolosale n'kumameza ngati mtedza. Ine ndinkadziwa ndipo sindinkaona vuto, mwinanso ndinkamuwonjezera wina wa kuchipatala.

Chaka chimene anabwera mayi Gondwe

Nditatsala ndi zaka zinayi kuti ndipume, kunabwera kalata yonena kuti atitumizira kilinikolo ofisa, ndipo ndiye akhale wamkulu wa chipatala. Ndinkayembekezera bambo wa imvi. Amene anatsika m'galimoto anali mtsikana wamng'ono kwa iwe Chisomo, mwana wanga woyamba, atanyamula chikwama cha kompyuta. Dzina lake mayi Gondwe. Ndinapereka makiyi pamaso pa anamwino onse ndikumwetulira mpaka masaya anandiwawa. Anamupatsa nyumba yatsopano ya magetsi a dzuwa, imene ine ndinaipempha zaka zambiri osayankhidwa, anamupatsanso njinga yamoto. Ndikanakonda akanakhala wamwano, ndikanapeza pomugwira. Koma ayi, ankandipatsa moni atapinda mawondo, ankanditchula bambo Mbewe, ndipo sankayamba msonkhano wa m'mawa ine ndisanakhale pansi. Ulemu wakewo unkandiyabwa kuposa chitedze.

Pamsonkhano wina wa m'mawa anayamba kufotokoza za zilonda za m'mimba, ine ndili pomwepo. Anati zilonda za poyambira matumbo zambiri zimabwera ndi kachilombo kakang'ono kokhala m'chifu, kamene m'mabuku amakatcha Helicobacter pylori, ife tinkangoti pailori. Kamalowa m'thupi kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'manja osasamba, nthawi zambiri munthu akali mwana. Zilonda zina, anatero, zimabwera ndi mankhwala opha ululu monga bulufeni, asipirini ndi indosidi, amene amadya khungu la m'kati mwa chifu ndi matumbo. Njala, tsabola ndi maganizo zimangodzutsa ululu, sizikumba chilonda. Ndipo kachilomboko kakaphedwa ndi maantibayotiki awiri pamodzi ndi omepurazo wochepetsa asidi m'chifu, munthu amachira osabweranso.

Za kachilomboko ndinali nditazimvapo patalipatali, koma ndinkaziyesa nkhani za azungu. Ndinafunsa mwachipongwe ngati pailori ameneyu amadziwa kusambira kuchokera ku Lilongwe kudzafika kunyanja kuno. Anamwino anaseka, iye anasekanso, n'kupitiriza ngati sindinanene kanthu.

Kenako anthu anayamba kuchira, ndipo apa m'pamene kaduka kanandigwira zenizeni. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene ndinamusunga ndi magineziyamu zaka zambiri, anamwa mankhwala a mayi Gondwe masabata awiri, ndipo sindinamuonenso pakhomo panga. Ndinakumana naye pamsika akudya chipisi chothira tsabola, akundikwezera dzanja mosangalala. Mzere wa Lachisanu unayamba kupindikira kuchitseko china. Ndili m'chipinda changa ndinkamva amayi akuuza mlonda kuti, "Ife tikufuna adokotala aakazi aja." Munthu wabwino akanakondwa kuti odwala ake achira. Ine sindinakondwe. Ndinkawerenga mitu pabenchi yake ndi pabenchi yanga, ndipo chakudya kunyumba chinkandikanika. Amayi anu anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Abambo, muzimwa mkaka, maganizo amayambitsa zilonda." Sindinawalankhule mpaka mawa lake.

Atabwerako kumaphunziro ena ku Lilongwe, mayi Gondwe anabweretsa kabokosi kamodzi ka tizipangizo toyezera kachilomboko m'chimbudzi cha wodwala. Tinali tochepa ndipo panalibe lonjezo loti tidzabweranso tina, choncho ankatisunga ngati mazira. Mizere iwiri ikatuluka ndiye kuti kachilombo kalipo, mzere umodzi ndiye kuti kalibe. Koma anatichenjeza mobwerezabwereza za chinthu chimodzi. Wodwala asakhale atamwa antibayotiki aliyense m'masabata anayi apitawo, kapena omepurazo m'masabata awiri. Antibayotiki mmodzi womwera matenda ena, anatero, sakapha kachilomboka, amangokagonetsa. Kamachepa, kachipangizo n'kulephera kukaona, n'kunena kuti kalibe pamene kalipo, ndipo pakapita nthawi kamadzukanso. Sindinalembe chilichonse m'kope, koma ndinamva mawu alionse. Munthu wansanje amamvetsera bwino kuposa wophunzira aliyense.

Mwezi wa Okutobala chaka chomwecho

Che Saidi yekha ndiye anakana kusamukira kuchitseko chinacho. Mkazi wake, Abiti Juma, ndiye anamukakamiza, atamva za mayi wa mandasi uja. Mayi Gondwe anamuuza kuti asiye bulufeni, asiyenso mankhwala a m'mimba kwa masabata angapo, kenako adzamuyeze. Che Saidi anabwera kudzandipepesa ngati munthu amene wakwatira mkazi wachiwiri. Ndinamuuza kuti palibe vuto, koma m'kati ndinapsa.

Kutatsala masiku khumi kuti ayezedwe, Lamulungu masana, anafika kunyumba kwathu chala chake chamkombaphala chitatupa ngati nthochi. Munga wa nsomba ya nkholokolo unamubaya akuwonjola nsomba muukonde, bala n'kuchita mafinya. Ndinali wogwira ntchito wa Lamulungu limenelo. Ndinatsuka balalo, n'kumupatsa makapisozi a amokisilini, antibayotiki womwa sabata imodzi. Bukhu lake la kuchipatala anali atalisiya kunyumba, choncho sindinalembemo kanthu. Pamenepo panalibe cholakwa, chalacho chinkafunikadi mankhwala amenewo, ndipo za kuyeza zija sizinandibwerere m'mutu. Cholakwa chinabwera pambuyo.

Tsiku loyeza mayi Gondwe anandiitana kuti ndikhalepo, poti wodwalayo anali wanga wa zaka zambiri. Anatsegula bukhu lake, naliwerenga tsamba ndi tsamba.

"Che Saidi, mwamwako mankhwala alionse mwezi uno?"

"Ayi mayi. Munati ndisiye, ndinasiya. M'mimbamu simunalowe kanthu."

Che Saidi sananame, ndipo izi muzimvetse bwino. Kwa asodzi a kuno, mankhwala amapita kumene atumidwa. A chala amapita kuchala, a dzino amapita kudzino. Munthu akabwerera m'mimba ukamufunsa za mankhwala, amayankha za m'mimba zokhazokha, ngakhale atameza makapisozi a mwendo m'mawa womwewo. Ine ndinaphunzira kalekale kuti kuno sufunsa funso limodzi. Umayamba kumutu n'kumatsika: mutu, dzino, chifuwa, msana, mikodzo, bala, chala, chilichonse pachokha. Mayi Gondwe anali mlendo, zimenezi sankazidziwa, ndipo ine sindinamuphunzitsepo chifukwa ndicho chinthu chokha chimene ndinali nacho iye alibe.

Che Saidi anali atagwira kofia pamaondo, chala chija chitapola, pali kachipsera kakang'ono. Ndinachiyang'ana ndipo ndinakumbukira zonse, mpaka tsiku limene anameza kapisozi womaliza, masiku atatu okha apitawo. Mayi Gondwe ananditembenukira.

"Bambo Mbewe, inu mumawadziwa bwino. Pali chimene ndasiya?"

"Palibe, mayi," ndinatero.

Mzere unatuluka umodzi. Mayi Gondwe anakayang'anitsitsa kachipangizoko nthawi yaitali, anakanyamula kupita nako pazenera, anabwerera. Anati wadabwa, pakuti zizindikiro zonse zinkaloza kachilombo, koma mwina chilondacho chinali cha bulufeni yekha. Ndikuuzeni zoona, ana anga, ndinakondwa. Mtima unandizizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Madzulo ake ndinadya mpaka amayi anu anafunsa ngati andikweza pantchito. Ndinadziuza kuti mwina kachilomboko kanalibedi, kuti kachipangizo n'kachipangizo, ine ndine ndani kuti ndikatsutse. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mawu.

Mawa lake Che Saidi anali pabenchi yanga.

"Adokotala, ndabwerera kwathu. Mwanayu ngwanzeru, koma m'mimba mwanga simuli m'mabuku ake."

Ndinaseka, ndinamupatsa magineziyamu. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Nanga bulufeni uja anandiletsa? Msanawu wandikwana."

Apa ndikanatha kunena kuti pa chimenecho mayi Gondwe ananena zoona. Koma pakamwa panga panakana kutulutsa mawu oti mayi Gondwe ananena zoona. Ndinangoti, "Musamwe wambiri." Nkhani inafala kudoko kuti kachipangizo ka adokotala aakazi kalephera pa Che Saidi, ndipo Lachisanu lotsatira benchi yanga inadzazanso theka.

Dzinja lotsatira

M'mawa wina mu Januwale, mvula itagwa masiku atatu, ndinamva phokoso panja. Anthu anayi anali atanyamula Che Saidi pachitseko chozula panyumba. Anagwa kudoko akuthandiza kukankha boti. Abiti Juma anati kwa masiku awiri chimbudzi chake chinali chakuda ngati phula, ndipo m'mawawo anasanza magazi. Nditamutsegula chikope, m'kati munali moyera mbee. Chilonda chinali chitafika pamtsempha. Ambulansi inalibe mafuta, choncho abale ake anathamanga kukafuna galimoto ya matola. Mayi Gondwe anamuika diripi mwachangu ndi mwaluso, ndipo ngakhale pa nthawi ngati imeneyo ndinapeza mpata womusirira.

Tikudikira galimoto anandiitanira m'sitolo ya mankhwala, kumene ankalemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu cha kuboma. Anatseka chitseko.

"Bambo Mbewe, ndasokonezeka. Ndinkakhulupirira kuti ndi kachilombo, koma tinayeza, kalibe. Mwina pali chimene inu mumachidziwa pa anthu a kuno chimene ine sindichidziwa. Mwina munkanena zoona nthawi yonseyi. Chonde ndithandizeni, ndilembe chiyani?"

Mawu amenewa ndinawadikira chaka chathunthu. Ndinkawalota, ndinkawayeseza ndekha ndikupalasa njinga, mmene adzawanenere ndi mmene ine ndidzayankhire modzichepetsa. Tsopano anali atanenedwa, ndipo ndinasuzumira pakalata ija. Anali atalemba kale mzere wonena kuti wodwalayo anayezedwa pailori mu Okutobala ndipo sanapezeke. Ntchito ndinkaidziwa. Madokotala otanganidwa a kuboma akawerenga mzere umenewo sakavutikanso ndi kachilombo. Akamupatsa magazi, akamupatsa omepurazo, akamuuza asiye bulufeni, n'kumubweza kunyumba kachilombo kali m'mimba. Chilonda chikapola pang'ono, n'kudzatsegukanso tsiku lina ali pakati pa nyanja. Ndikakhala chete, palibe amene akanadziwa. Che Saidi mwini wake sankadziwa kuti pali chobisika. Ndikalankhula, dzina langa la zaka makumi atatu likathera m'kachipinda kameneko, m'manja mwa mwana amene ndinamuseka pamaso pa anamwino.

Musaganize kuti ndinalankhula msanga. Ndinayamba ndanena za mkaka. Ndinanena za msewu, kuti matope achuluka. Iye anatenga envulopu, napinda kalata ija. Kunja Abiti Juma ankaitana dzina la mwamuna wake mobwerezabwereza kuti asagone.

"Mayi, mzere uwo ufufuteni."

"Uti?"

"Wa kuyeza. Anali atangomaliza amokisilini. Ndinamupatsa ndine, wa chala. M'bukhu sindinalembe."

Anaima envulopu ili m'manja.

"Masiku angati asanayezedwe?"

"Atatu."

"Mwakumbukira lero, bambo Mbewe?"

Anandipatsa yekha khomo lothawira. Ndikanangoti inde, ukalamba, ndipo akanandikhulupirira.

"Ayi. Ndinakumbukira tsiku lomwelo, mutandifunsa."

Sanafunse chifukwa chake. Ndikuganiza kuti ankachidziwa. Anafutukula kalata, anadula mzere uja ndi cholembera, nalemba pansi pake kuti zotsatira zija n'zosadalirika chifukwa wodwalayo anali atangomwa antibayotiki, ndipo amuone ngati munthu amene kachilombo ali nako. Galimoto inalira panja.

"Kwerani nawo," anatero osandiyang'ana. "Mukagwire botolo la diripi. Likatha musinthe, lina ili."

Ndinakhala kumbuyo kwa matola, dzanja lili m'mwamba ndi botolo, galimoto ikuterereka m'matope mpaka ku Salima. Phewa linachita dzanzi koma sindinasinthe dzanja. Penapake panjira Che Saidi anatsegula maso, nandiona, n'kunena chapansipansi kuti, "Adokotala, muli pano? Basi ndapulumuka." Ndinayang'ana kuminda ya chimanga.

Kuboma anamupatsa magazi, magazi a m'mimba analeka, ndipo atawerenga kalata ija anamuyeza mwa njira ina ya m'magazi n'kumuyambitsa mankhwala opha kachilombo. Anatuluka patatha sabata ndi theka, atawonda koma akuyenda yekha.

Ine ndinayamba kudikira kalata yanga. Galimoto ya kuboma ikaima panja, ndinkathamangira pazenera kukasuzumira. Ndinakonzeka kuitanidwa, kufunsidwa, mwinanso kupumitsidwa nthawi isanakwane. Kalata sinabwere. Mayi Gondwe sanauze munthu, ngakhale anamwino. Anapitiriza kundipatsa moni atapinda mawondo, kungoti masabata oyambawo sankandiyang'ana m'maso. Kenako pamsonkhano wina wa m'mawa anati, "Bambo Mbewe ali ndi kafunsidwe kawo ka mankhwala, koyambira kumutu mpaka kuchala. Ndikupempha atiphunzitse tonse, ndipo kuyambira lero tizifunsa choncho tisanayeze aliyense." Ndinaimirira, ndinaphunzitsa, anamwino analemba m'makope, iye analembanso.

Mukuganiza kuti nsanje inatha pamenepo? Sinathe, inangosamuka. Poyamba ndinkasirira mapepala ake, nyumba yake ndi benchi yake. Tsopano ndinayamba kusirira mtima wake, ndipo chimenecho n'chowawa kwambiri, chifukwa nyumba boma likhoza kukumangira. Tonse awiri tinakhalapo chete pa nkhani ya Che Saidi. Ine ndinakhala chete kuti iye agwe, iye anakhala chete kuti ine ndisagwe. Mpaka lero ndikamva kuti akuyenda bwino kumene anasamukira, ndimayamba ndamva kachinthu kakundibaya, kukondwa kumabwera pambuyo.

Che Saidi atamaliza mankhwala, mayi Gondwe anadikira masabata onse ofunika, ndipo anatulutsa kachipangizo komaliza m'kabokosi kaja. Asanayeze anandiuza kuti ndifunse ndine. Ndinayamba kumutu, Che Saidi akuseka, ndinatsika mpaka kuzala za kumapazi. Mzere unatuluka umodzi, ndipo ulendo uno unali woona.

Idi ya chaka chimenecho

Mwezi wa Ramazani utayandikira Che Saidi anafunsa funso lake lija, ndipo mayi Gondwe anamuuza kuti ayese, koma akangomva ululu amasule ndipo abwere. Sanabwere. Anafunga mwezi wonse, tsiku ndi tsiku, koyamba m'zaka khumi.

M'mawa wa Idi, atachoka kumapemphero, ndinamuona akulowa pageti la chipatala atavala mkanjo woyera, Abiti Juma akutsatira atasenza beseni lovundikira ndi nsalu. Ndinali pakhonde la nyumba yathu. Ndinadziwa kuti akupita kwa mayi Gondwe, ndipo kachinthu kaja kanandibaya monga mwa nthawi zonse. Koma anadutsa nyumba ya magetsi a dzuwa ija osaima, nabwera molunjika kwathu. Abiti Juma anatula beseni pamapazi anga. Munali mpunga wa ku Lifuwu wophikidwa ndi nyama ya mbuzi, wochuluka wokwana mabanja awiri.

"Che Saidi, mwasochera," ndinatero. "Nyumba yake ndi iyo."

"Sindinasochere. Kumeneko ndinapitako dzulo kukathokoza, ndipo mwanayo wandiuza yekha. Akuti pakanapanda inu kukumbukira makapisozi a chala aja, kuboma akanandibweza ndi kachilombo kanga. Ine mwini chala ndinaiwala, inu munakumbukira. Alhamdulillah, Mulungu anandipatsa dokotala wosaiwala."

Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, misozi ikulengeza. Ndinayang'ana kutsidya kwa bwalo. Mayi Gondwe anali panja akuyanika zovala, ndipo anatiweyulira dzanja n'kupitiriza kuyanika. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zonse. Chimene chinatuluka ndi, "Zikomo, Che Saidi, Idi yabwino."

Che Saidi anamwalira zaka zingapo pambuyo pake ndi matenda ena a ukalamba, akufungabe chaka chilichonse, ndipo akukhulupirirabe kuti ndinamupulumutsa. Sindinamuuze. Amayi anu ndinawauza chaka chatha. Inu ndikukuuzani lero, chifukwa tsiku limenelo nonse munali pakhomo patchuthi, ndipo mpunga umenewo munadya ndinu, mpaka kukanganirana zotsalira m'beseni. Munandiitana katatu kuti ndidzadye nawo, ine ndinati m'mimba mukundiwawa.